Kodi mumadziwa? Nkhungu ya m'phiri ndi nkhungu ya pawindo

Ku Muloza, kumene msewu wa M2 umathera pa chipata cholowera ku Milange m'dziko la Mozambique, mayi atha kupukuta mawindo Loweruka lino, koma pofika Loweruka linalo timadontho takuda tabwereranso m'makona mwa felemu. Apongozi akabwera amangoyang'ana chammbali, mumtima akuti ndi uve. Asanaweruze mpongozi wawo, awerenge kaye izi.

Kodi mumadziwa kuti Chichewa chili ndi liwu limodzi la zinthu ziwiri? Chimene chimakuta phiri la Mulanje m'mawa timati nkhungu, ndipo zakuda zomera pawindo, pansapato ndi pabuledi timatinso nkhungu. Makolo sanaphonye, pakuti zonsezi n'zobadwa ndi chinyezi. Zikamera pa chakudya ambiri amati chuku. Zobiriwira zoterera za kunja kwa khoma ndi ndere, ndipo ndere zimafuna kuwala, pomwe nkhungu imakula bwino ngakhale mumdima.

Kodi mumadziwa kuti nkhungu ya pawindo ndi yamoyo? Ndi m'bale wake wa bowa ndi yisiti yofufumitsira mandasi. Imabereka kudzera m'tinjere tosaoneka ndi maso timene timauluka ndi mphepo. Tinjereti tili m'nyumba iliyonse, ya bwana wa esiteti ndi ya wothyola tiyi yemwe. Tikagwera pamalo onyowa, maola 24 mpaka 48 ndi okwanira kuti tiyambe kumera.

Kodi mumadziwa chifukwa chake vutoli limakonda mbali ino ya phiri? Mphepo yochokera ku nyanja ya mchere ya Indian imabwera itasenza madzi. Ikagunda phiri, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, imakwera, imazizira, n'kutula katundu wake. N'chifukwa chake madera ena a kuno amalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka, pomwe Lilongwe nthawi zambiri safika 1,000. Chinyezi chimene chimabiriwitsa tiyi ku Lujeri ndi ku Ruo ndi chomwecho chimene chimadetsa felemu lanu.

Kodi mumadziwa kuti chiperoni ndi dzina la phiri? Mvula yowaza ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti, imene imagwa masiku angapo osakata, inatenga dzina ku phiri la Chiperone, tsidya lina la malire m'chigawo cha Zambezia. Nkhungu imaikonda nyengo imeneyi: dzuwa kulibe, zovala siziuma, ndipo aliyense watseka mawindo kuthawa chisanu.

Kodi mumadziwa kuti madzi amene mumawapeza pagalasi m'mawa sachokera panja? Taonani botolo la Fanta lochokera mufiriji, mmene limachitira thukuta mukaliika patebulo. Galasi la windo likazizira usiku limachita chimodzimodzi ndi mpweya wofunda wa m'chipinda. Munthu wamkulu mmodzi akagona amatulutsa madzi okwana pafupifupi kapu imodzi usiku umodzi, kudzera m'kupuma ndi m'thukuta. Mukagona asanu m'chipinda chotseka, werengani nokha makapuwo.

Kodi mumadziwa kuti moto nawonso umabala madzi? Lita imodzi ya parafini ikayaka imatulutsa nthunzi yokwana pafupifupi lita imodzi ya madzi. Onjezani mphika wa nyemba wobwata opanda chivundikiro ndi yunifolomu za ana zoyanikidwa pachingwe pabalaza. Za mbaula n'zoopsa koposa: makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

Kodi mumadziwa kuti nkhungu siidya galasi? Imadya fumbi lomata pagalasipo, matabwa a felemu, phala lomatira magalasi ndi nsalu ya katani. N'chifukwa chake imayambira m'munsi ndi m'makona, mmene madzi amadikha, kenaka n'kulowa m'katani yokhudza galasi. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Nkhungu nayo ikapeza fumbi lonyowa siichoka.

Kodi mumadziwa kuti phiri lomweli lili ndi mtengo umene suwola msanga? Mkungudza wa ku Mulanje uli ndi mafuta onunkhira amene amathamangitsa chiswe ndi kutchinjiriza matabwa ku chinyezi. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Ubwino wake womwewo ndiwo unaugwetsa m'manja mwa ocheka matabwa, moti lero watsala pang'ono kutheratu ndipo kuudula ndi mlandu. Mosiyana ndi mkungudza, felemu la paini kapena bulugamu limafuna vanishi kapena penti ya mafuta, yopakidwa matabwa ali ouma.

Kodi mumadziwa kuti chifuwa cha mwana chingachokere pawindo? Mu 2009 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo osonyeza kuti okhala m'nyumba zachinyezi ndi zankhungu amavutika kawirikawiri ndi chifuwa, chimfine ndi mphumu. Ana aang'ono, agogo ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika ndiwo amayamba kumva. Bedi la mwana lisatsamire khoma la windo lodera.

Kodi mumadziwa kuti kukwecha nkhungu youma ndi kuifesa? Bulashi youma imamwaza tinjere m'chipinda monse. Nyowetsani kaye ndi madzi a sopo, pukutani ndi kansalu, kenaka pakani viniga kapena Jik wosungunula, muyeso umodzi wa Jik pa miyeso 10 ya madzi. Tsegulani mawindo, valani magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo umitsani malowo ndi nsalu ina. Koma musasakanize Jik ndi viniga: zimatulutsa mpweya wa klorini umene umawotcha maso ndi mapapo.

Kodi mumadziwa kuti penti siipha nkhungu? Imangoibisa, ndipo pakapita nthawi madontho amatulukanso pamwamba pa penti yatsopanoyo. Anthu akale ankadziwa. Chaputala 14 cha Levitiko chimafotokoza za nyumba yochita mawanga pakhoma: inkatsekedwa masiku 7, miyala yogwidwayo inkachotsedwa, khoma linkapalidwa n'kumatidwanso, ndipo mawanga akabwerera nyumbayo inkagwetsedwa.

Kodi mumadziwa kuti khoma limasunga madzi miyezi yambiri? Namondwe wa Freddy atasakaza Muloza ndi madera ena a Mulanje mu Malichi 2023, nyumba zimene zinatsala chilili zinali zitamwa madzi. Njerwa zotere zimauma pang'onopang'ono, ndipo pulasitala watsopano amangotsekera chinyezicho mkati. Pomanga nyumba, pepala la pulasitiki loyala pa maziko ndi denga lotulukira bwino kunja kwa khoma zimateteza kwambiri.

Kodi mumadziwa kuti chuku choopsa kwambiri sichili pagalasi koma m'thumba? Chimanga kapena mtedza wosanjikidwa pansi pa windo lodontha umachita chuku chimene chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, wowononga chiwindi. Asayansi anamutulukira pambuyo poti nkhukundembo zoposa 100,000 zafa ku England mu 1960 zitadya chakudya cha mtedza wachuku. Kuphika sikumuthetsa. Matumba akhale pathandala, motalikirana ndi khoma.

Kodi mumadziwa kuti nkhungu inapulumutsaponso anthu? Mu 1928 Alexander Fleming, pa chipatala cha St Mary's ku London, anaona kuti nkhungu imene inamera m'kambale kake koyeseramo inapha tizilombo toizungulira. Ndimo munachokera penisilini. Koma ya pawindo lanu si mankhwala, musaiwete.

Kodi mumadziwa kuti mankhwala otchipa koposa muli nawo kale? Yang'anani mabowo olowetsa mpweya pamwamba pa mawindo anu. M'nyumba zambiri anatsekedwa ndi masanza kapena makatoni chifukwa cha udzudzu ndi chisanu. Chotsani zimenezo, muikepo sefa. M'mawa uliwonse pukutani thukuta la pagalasi musanateleke madzi a tiyi, kokerani makatani kumbali, ndipo chiperoni chikangopumira tsegulani windo la kutsogolo ndi la kuseri kuti mphepo idutse. Nkhungu ya m'phiri tiisiyire tiyi. Ya m'nyumbayi imagonja ndi kansalu kouma.