Luso la wogonetsa odwala ndi lofunika poika chubu chopumira

Wodwala akagonetsedwa kuti achitidwe opaleshoni yaikulu, kapena akalephera kupuma payekha, achipatala amamulowetsa chubu chapulasitiki kudzera m'kamwa mpaka m'kholingo kuti mpweya uzifika m'mapapo. Ntchitoyi imatenga masekondi owerengeka, koma ikalephereka ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi zochepa chifukwa chosowa mpweya wa okosijeni.

Pofuna kuona khomo la kholingo, amagwiritsa ntchito chida chokhala ndi nyali chotchedwa laryngoscope. Mtundu wake wopindika, womwe ndi wofala m'zipatala zambiri, anaukonza ndi Robert Macintosh wa ku Oxford mu 1943.

Ngakhale chidacho ndi chimodzi, kagwiridwe kake kamasiyana. Wophunzira nthawi zambiri amawerama n'kuyandikitsa nkhope yake pakamwa pa wodwala, ndipo amatsamiritsa chidacho pa mano am'mwamba, zomwe zimatha kuthyola mano kapena kung'amba milomo. Katswiri amaima chowongoka, n'kunyamula lilime ndi chibwano m'mwamba ndi kutsogolo osakhudza mano.

Kusiyanaku kumayamba chidacho chisanagwidwe n'komwe. Wozolowera amayamba wapima kukamwa ndi khosi la wodwala, kuika mutu pamalo oyenera, kumupatsa okosijeni wokwanira, ndi kukonzeratu chochita ngati chubucho chakanika kulowa.

Malingana ndi kafukufuku wa ku Switzerland wofalitsidwa mu 1998, madokotala ongoyamba kumene ankafunika kugwira ntchitoyi maulendo pafupifupi 57 kuti afike poikwanitsa pa odwala 90 mwa 100 alionse.

Luso limaonekeranso podziwa nthawi yosiya. Kuyesa mobwerezabwereza kumatupitsa kukhosi ndi kutulutsa magazi, ndipo njira ya mpweya imatha kutsekeratu. N'chifukwa chake bungwe la Difficult Airway Society la ku Britain linalangiza mu 2015 kuti asamayese kopitirira katatu, ndipo kachinayi ayese yekhayo amene ali ndi luso loposa.

Ngozi ina ndi yoti chubu chilowe m'njira ya chakudya. Apa ngakhale katswiri sayenera kudalira maso ake okha, koma makina oyeza mpweya wa carbon dioxide womwe wodwala akutulutsa.

Mu 2001 kunabwera GlideScope, chida chokhala ndi kamera chomwe chimaonetsa kholingo pa sikirini. Zida zamtunduwu zimathandiza mphunzitsi kuona zomwe wophunzira akuona n'kumuwongolera pomwepo. Komabe kuona kholingo ndi kulowetsa chubu ndi zinthu ziwiri, ndipo dzanja limafunikabe kuzolowera.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri dziko la Malawi, komwe ntchito yogonetsa odwala, makamaka m'zipatala za m'maboma, imagwiridwa kwambiri ndi ma clinical officer. Maopaleshoni ambiri m'zipatalazi ndi a amayi oyembekezera, omwe kukhosi kwawo kumatupa ndipo okosijeni amawathera msanga.

Choncho akuluakulu oona za kagawidwe ka antchito akuyenera kuganizira luso, osati chiwerengero chokha. Kusamutsa wogonetsa odwala wa zaka zambiri pantchito n'kusiya wongomaliza maphunziro ali yekha kumaika miyoyo pachiswe. Ongoyamba akufunika wowayang'anira, zidole zophunzirira, ndi mwayi wogwira ntchitoyi kawirikawiri kufikira manja atazolowera.