Kujambula Mapapo Pofufuza Magazi Oundana

Kuyambira mu Epulo 2020, pamene matenda a COVID-19 anapezeka koyamba m'Malawi, zadziwika kuti kachirombo kogwira njira za mpweya kangathe kuundanitsa magazi, ndipo magazi oundanawo akatseka mtsempha wa m'mapapo, wodwala amabanika mwadzidzidzi mwinanso kumwalira. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa chibayo koma sichionetsa mtsempha wotsekeka, choncho pamafunika makina a CT, omwe amajambula chifuwa m'magawo opyapyala wodwala atabayidwa mankhwala oonetsa mitsempha. Popeza makinawa sapezeka m'zipatala zakumidzi ngati cha Euthini m'boma la Mzimba, wodwala wobanika, wotupa mwendo umodzi kapena wotsokomola magazi ayenera kutumizidwa msanga kuchipatala chachikulu, monga cha Mzuzu, kuti ayambe kulandira mankhwala oletsa magazi kuundana nthawi isanathe.