Mano amaphwanya, malovu amasintha: zomwe zimachitikira chakudya m'kamwa

Wapaulendo akaima pa Dedza, mumsewu wa M1, n'kugula tchipisi cha mbatata ya kachewere, m'kamwa mwake mumachitika ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi yophwanya chakudya, yachiwiri ndi yochisandutsa chinthu china. Thupi silingapindule mokwanira ndi chakudya ngati imodzi mwa ntchitozi yalephereka.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino m'midzi ya ku Bembeke kapena kwa Kasumbu, komwe amayi amasinja chimanga ndi kuphika thobwa. Chimanga chikasinjidwa mumtondo kapena kugayidwa kuchigayo, chimasanduka ufa. Maonekedwe asintha, koma sitalichi amene anali m'njere akadali yemweyo. Asayansi amati uku n'kusintha kwa maonekedwe chabe, chifukwa palibe chinthu chatsopano chimene chapangika.

Thobwa ndi nkhani ina. Mayi akaphika phala, amadikira kuti lizizireko, kenaka amathiramo chimera. Posakhalitsa phala lolimba lija limasungunuka ndipo limayamba kutsekemera, ngakhale sanathiremo shuga. M'chimera muli enzaimu yotchedwa amylase, imene imadula sitalichi n'kumusandutsa shuga. Apa papangika chinthu chatsopano, ndipo thobwa silingabwererenso kukhala phala. Mayi amadikira phala lizizire chifukwa kutentha kwambiri kumaononga enzaimuyo. M'chaka cha 1833, asayansi a ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz, anaipatula enzaimuyi kuchokera m'chimera cha barele.

M'kamwa mwa munthu muli mtondo ndi chimera chomwe. Mano, omwe amakhala 32 kwa wamkulu ndi 20 kwa mwana, ndiwo mtondo: akutsogolo amadula, osongoka amang'amba, akumbuyo amapera. Malovu ndiwo chimera, popeza nawonso ali ndi amylase. N'chifukwa chake nsima kapena mbatata imayamba kutsekemera pang'ono ikatafunidwa nthawi yaitali.

Ntchito ziwirizi zimadalirana. Enzaimu imagwira pokhapo pamene yakhudza, choncho chakudya chophwanyika bwino chimagayika msanga kusiyana ndi chomeza chamtunthu. Ichi n'chifukwa chake okalamba amene mano anawathera amavutika ndi nyama kapena chimanga chootcha, ndipo ambiri amangozisiya, zomwe zimachepetsa zakudya zomanga thupi zimene akulandira.

Chakudya chikafika m'mimba, ntchito zonse ziwiri zimapitirira. Minofu imachivundula mpaka chikhale ngati phala, pamene asidi ndi enzaimu ya pepsin zimayamba kudula mapuloteni a nyemba, usipa kapena nyama. M'matumbo aang'ono, omwe amatalika pafupifupi mamita 6, ndulu yochokera m'chiwindi imagawa mafuta a tchipisi chija m'timadontho ting'onoting'ono. Kumeneko n'kuphwanya chabe. Maenzaimu ochokera ku kapamba ndi m'matumbomo ndiwo amamaliza kusandutsa sitalichi, mapuloteni ndi mafuta kukhala tizinthu totha kulowa m'thupi.

Koma kusintha kwa mtundu wachiwiriwu kumathanso kutembenukira mano eniakewo. Chikuto choyera cha dzino ndicho chinthu cholimba kwambiri m'thupi lonse, ndipo chimapirira kutafuna chimanga chokazinga kwa zaka zambiri. Chimene sichipirira ndi asidi. Mabakiteriya a m'kamwa amadya shuga wotsalira m'mano, wochokera ku masiwiti, mabisiketi, zakumwa zoziziritsa kukhosi ngakhale tiyi wotsekemera amene anthu amamwa kawirikawiri m'nyengo yozizira ya June ndi July, ndipo amatulutsa asidi. Asidiyo amasungunula chikuto cha dzino pang'onopang'ono.

Malovu amachepetsa mphamvu ya asidi ndi kubwezeretsa michere ina m'dzino, koma amafuna nthawi. Munthu amene amadyaidya zotsekemera tsiku lonse sawapatsa mpata. Usiku malovu amachepa, n'chifukwa chake madokotala a mano amalangiza kutsuka mano kawiri patsiku, makamaka pokagona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Dzino likangobooka silidzitsekanso lokha, ndipo la munthu wamkulu likazulidwa, lina silimeranso.