Kodi N'koyenera Kulipira Ndalama Kuti Thupi Lichepe?

M'misika ndi m'matauni a m'mbali mwa nyanja, monga pa Mangochi ndi ku Monkey Bay, mwafika malonda amene makolo akale sadawadziŵe. Pali masamba a tiyi amene ogulitsa amati amasungunula mafuta a m'mimba, pali ufa wothira m'madzi womwa m'malo mwa chakudya, pali mapiritsi, malamba omanga pamimba, ndiponso magulu amene munthu amalipira mwezi ndi mwezi kuti azilandira malangizo a kadyedwe pa foni. Zina mwa zinthuzi zimabwera ndi apaulendo ochokera ku Johannesburg, zina zimalengezedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp pamodzi ndi zithunzi ziŵiri za munthu mmodzi, china ali wonenepa, china ataonda. Mtengo wake si wochepa, ndipo wogula amauzidwa kuti apitirize kwa miyezi ingapo. Tsono funso ndi ili: kodi ndalama zimenezi, zimene zikadagula chimanga, sopo kapena zofunika za mwana kusukulu, zimabweza phindu?

KUNENEPA KWASANDUKA VUTO

Kuyambira kale kunenepa kwakhala kukuonedwa ngati chizindikiro cha mtendere. Mkazi akanenepa pabanja, anthu amayamika mwamuna kuti akusamala bwino. M'zaka zimene Edzi idapha anthu ochuluka, kuonda kudayamba kuopedwa chifukwa cha miseche. Komabe thupi likalemera kupyola muyeso limaitana matenda: kuthamanga kwa magazi, shuga, matenda a mtima, kufa ziŵalo, kuŵaŵa kwa maondo ndi msana, ndiponso mavuto pa nthaŵi yobereka.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malaŵi adali onenepa kupyola muyeso, pamene mu 1992 adali pafupifupi 10 mwa 100. Kafukufuku wina wa mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziŵa.

Zifukwa zake zili poyera. Ulendo umene kale unali wapansi lero ndi wa kabaza kapena wa njinga yamoto. Mtondo ndi munsi zaloŵedwa m'malo ndi chigayo. Mandasi, tchipisi ndi kanyenya zili pa msika uliwonse, tiyi amathiridwa shuga wambiri, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala anthu amapha ludzu ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Motero amene akufuna kuchepetsa thupi sakulakwa. Chofunika ndi kusankha njira.

NDANI AYENERA KUCHEPETSA THUPI?

Kunenepa sikuyezedwa ndi maso kapena ndi mawu a anansi. A chipatala amayeza kulemera kwa munthu pa sikelo ndi kutalika kwake, kenaka amagaŵa makilogalamu ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Mwachitsanzo, mayi wamtali mamita 1.6 wolemera makilogalamu 70: 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56, ndipo 70 kugaŵa ndi 2.56 ndi 27. Nambala ya pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndiyo yabwino. Kuyambira 25 munthu wanenepa kupyola muyeso, ndipo kuyambira 30 wanenepa kwambiri. Tepi ya telala nayonso imathandiza. Mimba yoyezedwa chapamchombo ikapyola masentimita 80 kwa mayi kapena 94 kwa bambo, ngozi ya matenda imayamba kukula.

Pali anthu amene sayenera kuyamba zochepetsa thupi popanda uphungu wa a chipatala: amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa, ana, ndi onse amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri a pa ma ARV m'Malaŵi adayamba kulandira mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo ena amanenepa nawo. Woteroyo asaleke mankhwala ndipo asawasakanize ndi zitsamba zogula. Afotokoze nkhaŵa yake kumene amalandirira mankhwalawo. Komanso munthu amene akuonda yekha asadasinthe kadyedwe asakondwere. Kuonda kotero kungakhale chizindikiro cha chifuwa chachikulu, shuga, HIV kapena khansa, ndipo ayenera kukayezetsa msanga.

ZIMENE OFUFUZA ADAPEZA

Malonda a kuchepetsa thupi adayamba kale m'maiko a kunja. Kampani yodziŵika kwambiri, ya Weight Watchers, idakhazikitsidwa ku New York mu 1963 ndi mayi wina dzina lake Jean Nidetch, amene adayamba ndi kusonkhanitsa anzake m'nyumba mwake kuti azilimbikitsana. Mu 2011 magazini ya madokotala ya The Lancet idafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 772 a ku Britain, Germany ndi Australia. Patatha chaka, amene adatumizidwa ku kampaniyi adatsika ndi makilogalamu pafupifupi 5, pamene amene adangolangizidwa kuchipatala adatsika ndi makilogalamu oposa pang'ono 2.

Izi zikuonetsa kuti magulu ena olipira amathandizadi, koma pali mfundo zitatu zoyenera kuzisamala. Yoyamba, kusiyana kwake kudali makilogalamu osakwana 3 pa chaka chathunthu, osati zozizwitsa za pa zithunzi. Yachiŵiri, chimene chidathandiza sichidali mankhwala achinsinsi ayi, koma kukwera sikelo sabata iliyonse, kuchepetsa chakudya, kuyenda, ndi kulimbikitsana pagulu. Yachitatu, ofufuza ambiri aona kuti anthu akaleka kupita ku magulu otere, gawo lalikulu la thupi limabwerera m'zaka zoŵerengeka. Wolipira amagula chilimbikitso, ndipo ndalama zikatha chilimbikitsocho chimathanso.

Palinso malonda amene wogula amakopedwa kuti akhale wogulitsa, nayenso akope anzake. Mu 2016 kampani ya Herbalife idavomera kulipira madola 200 miliyoni ku bungwe la boma la United States loteteza ogula, ndi kusintha kayendetsedwe ka malonda ake, bungwelo litadandaula kuti ambiri amene adaloŵa malondawo sadapeze phindu limene adalonjezedwa. Munthu amene amalandira ndalama pa paketi iliyonse yogulitsidwa si phungu wa zaumoyo, ngakhale atakhala mbale kapena mnzake wa ku banki m'khonde.

TIYI NDI MAPIRITSI

Tiyi wambiri wochepetsa thupi amakhala ndi masamba otsegula m'mimba, monga senna, kapena okodzetsa pafupipafupi. Sikelo imatsikadi pa masiku oyamba, koma chimene chachoka ndi madzi, osati mafuta. Munthu akamwa madzi ndi kudya, kulemera kumabwerera. M'dera lotentha ngati Mangochi kutaya madzi m'thupi mwadala ndi ngozi: kumabweretsa chizungulire, kufooka, ndipo mchere wofunika wa m'magazi ukachepa mtima umagunda mosokonekera. Kutsegula m'mimba kungachititsenso kuti mapiritsi akulera ndi mankhwala ena atuluke asanagwire ntchito. Lamba womanga pamimba nayenso amangotulutsa thukuta.

Mawu akuti “zachilengedwe” olembedwa pa paketi satsimikizira kuti mulibe choopsa. Mankhwala otchedwa sibutramine adachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku United States mu 2010 atapezeka kuti amaonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi kufa ziŵalo, koma oyeza mankhwala akhala akuwapeza atabisidwa m'makapisozi ndi mu khofi wogulitsidwa ngati zitsamba. Kwa munthu amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi koma sakudziŵa, zoterezi zingathe kupha. M'Malaŵi udindo wovomereza mankhwala uli m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo mankhwala ogulitsidwa m'chikwama pa msika alibe amene angawayankhire.

Alipo mankhwala enieni obaya, monga semaglutide, amene amachepetsadi thupi kwambiri. Koma ndi okwera mtengo, amafuna dokotala wowayang'anira, ndipo kafukufuku adaonetsa kuti amene adaleka kubaya adabwezeretsa magawo aŵiri mwa atatu a thupi limene adachepetsa pomatha chaka. Mu 2024 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidachenjezanso kuti kwapezeka mankhwala achinyengo a dzina lomweli.

NJIRA YOSALIRA NDALAMA

Kuti thanzi lisinthe sipafunika kuonda kwambiri. Kuchepetsa magawo 5 mpaka 10 mwa 100 a kulemera kwa thupi, ndiye kuti makilogalamu 4 mpaka 8 kwa munthu wa makilogalamu 80, kumatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Kafukufuku wa ku United States wofalitsidwa mu 2002 adapeza kuti anthu amene adali pafupi kudwala shuga, atasintha kadyedwe ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, adachepetsa ngozi ya matendawo ndi magawo 58 mwa 100.

Anthu a kunyanja ali ndi mwayi, pakuti chakudya chabwino chili pakhomo. Usipa, utaka ndi chambo ndi ndiwo zomanga thupi. Zikhale zophika kapena zootcha kusiyana ndi zokazinga m'mafuta ambiri. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, therere ndi mpiru zidzaze theka la mbale. Nsima siyoletsedwa, koma wodya mitanda itatu ayambe kudya iŵiri, ndipo ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba kuposa ya ufa woyera. Nyemba, nandolo ndi khobwe zimakhutitsa. Mango, mapapaya ndi nthochi ziloŵe m'malo mwa mandasi.

Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Madzi abwino ndiwo mankhwala a ludzu. Shuga wa mu tiyi, mu phala ndi mu thobwa achepetsedwe pang'onopang'ono mpaka lilime lizoloŵere. Mchere usapyole supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, poŵerengera ndi wa mu nsomba zouma. Moŵa nawonso umanenepetsa. Amene amasala m'mwezi wa Ramadan amasule ndi madzi ndi chakudya chapang'ono, osati zokazinga ndi zotsekemera zochuluka nthaŵi imodzi. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, m'maŵa kapena madzulo dzuŵa litapepa, n'kokwanira poyambira. Kulima, kupalasa njinga ndi kupalasa bwato ziŵerengedwanso. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa sabata ndiko kwabwino, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

ASANATULUTSE NDALAMA

Munthu amene akuganizabe zolipira ayambe wafunsa mafunso aŵa. Kodi m'paketimo muli chiyani, ndipo zalembedwa? Kodi mankhwalawo ndi ovomerezedwa m'Malaŵi? Kodi wolangizayo adaphunzira za umoyo kapena za kadyedwe? Kodi zonse pamodzi zidzadya ndalama zingati pa miyezi 6, ndipo ndalamazo zikadagula matumba angati a chimanga? Nanga akadzaleka kugula, adzatsala ndi luso lotani? Wogulitsa amene akulonjeza makilogalamu 10 pa mwezi umodzi, kapena amene akuti munthu adye zonse zimene afuna popeza tiyi adzasungunula mafuta, sakunena zoona.

Kwa anthu ambiri a m'midzi yankho n'lakuti ndalamazo n'zongotaya. Tiyi, mapiritsi ndi malamba sizichotsa mafuta, ndipo zina zimavulaza. Chimene chimathandiza m'magulu olipira chingapezeke kwaulere. Pa zipatala za boma, monga chipatala chachikulu cha Mangochi ndi cha Monkey Bay, munthu angayezedwe kulemera ndi kuthamanga kwa magazi osalipira, ndipo zotsatira zimalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Amayi kapena abambo asanu a m'mudzi umodzi angagwirizane kuyendera limodzi, kuphunzitsana kaphikidwe, ndi kupempha mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kuti aziwathandiza kukwera sikelo mwezi ndi mwezi. Akapita ku chipatala ulendo wotsatira, aliyense apemphe kuyezedwa msinkhu, kulemera ndi kuthamanga kwa magazi, kuti adziŵe pamene ali asanagule kanthu.