ANTHU A KU LINDA AKUFUNA MOYO WOSADALIRA MVULA YOKHA

LIVINGSTONE: Munthu akaima m'komboni ya Linda m'mwezi wa April nayang'ana kum'mwera, amaona nkhungu yoyera ikukwera kumwamba ngati utsi wa lupsa. Nkhunguyo imacokera ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kucokera m'tauni, ndipo pambali pa mathithiwo pali nyumba ya makina opangira magetsi. Mlendo angaganize kuti anthu okhala pafupi ndi madzi otere sadziwa ludzu kapena mdima. Caka ca 2024 cinaonetsa kuti sizili tero.

Mvula ya dzinja limenelo inadula cimanga cisanamasule. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a cimanga anapserera m'minda. Cigawo ca Kum'mwera, kumene mvula imakhala yocepa ngakhale m'zaka zabwino, cinali pakati pa zigawo zovutika koposa. Akatswiri a zanyengo anati gwero lake ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula ya kuno, ndipo akucenjeza kuti pamene dziko lapansi likutenthera-tenthera cifukwa ca utsi wa mafuta ndi malasha ndiponso kutha kwa nkhalango, zaka zouma zidzabwera pafupipafupi. Akulu-akulu akumbukira 1992, acinyamata akumbukira 2019.

Anthu ambiri a ku Linda alibe minda yaikulu, komabe cilala cinawapeza pakhomo. Madzi atatsika m'damu la Kariba, magetsi anayamba kuzima, kufikira maola 21 pa tsiku m'malo ena. Wowocherera zitsulo anakhala manja lende, wometa tsitsi anatseka cisakasa cake, mayi wogulitsa madzi ozizira anangoyang'ana firiji yake yofunda. Popeza makina okoka madzi mu Zambezi nawonso amafuna magetsi, mipopi inauma, ndipo ana analawirira ndi zigubu mtsinje waukulu uli pafupi pomwepo. Acibale a ku midzi ya ku Kazungula ndi Kalomo, amene masiku onse amatumiza thumba la cimanga m'tauni, ulendo uno ndiwo anabwera kudzapempha unga.

Panalinso njovu. Nkhalango ya nyama ya Mosi-oa-Tunya yagundana ndi tauni, ndipo msipu ukatha njovu zimalowa m'makomboni usiku kufuna mango ndi ndiwo za m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Maramba. Dimba limene banja lathirira miyezi iwiri limatha usiku umodzi, ndipo ena ataya moyo pokumana nazo panjira.

Munthu wopyola m'zotere akamaganiza za moyo wabwino saganiza za galimoto. Amaganiza za mpopi wotulutsa madzi m'mawa uliwonse, nyale yoti mwana awerengere madzulo, ndi nsima yosawerengera mitanda. Zimenezi si zinthu zazikulu, ndipo dziko lino lingathe kuzikwanitsa. Cimene cinavuta mu 2024 n'cakuti zonse zinapacikidwa pa cingwe cimodzi: mvula ndiyo inkabala cimanga, mvula yomweyo ndiyo inkayatsa magetsi, pakuti mbali yaikulu ya magetsi a Zambia imacokera ku madzi. Cingweco citaduka, zonse zinagwera pamodzi. Wokumba mbewa aliyense adziwa kuti mbewa yocenjera imakumba mbuli, dzenje laciwiri lothawirapo.

Mbuli yoyamba ndi dzuwa lomwelo limene linaocha mbewu. Mu June 2025 Boma linatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 100 ku Chisamba, mphamvu yongotsala pang'ono kufanana ndi mamegawati 108 a makina a pa mathithi. Mabanja amene angathe amagula timbale ta sola tating'ono toika padenga, tokwanira nyale, wailesi ndi foni. Kunena zoona, mtengo wake ndi wolemetsa kwa wosauka, ndipo kambale kotere sikangaphike nyemba. Ndico cifukwa cake makala akugulidwabe, ndipo nkhalango ngati ya Dambwa kumpoto kwa tauniyi ikali pa ngozi.

Mbuli ina ili m'manja mwa alimi a ku midzi, pakuti thumba la unga logulidwa pa msika wa Maramba limayambira m'munda wa mlimi. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba nchito mu 1996, lakhala likuphunzitsa ulimi wa timaenje. Mlimi amakumba timaenje takuya masentimita 20 mvula isanagwe, motalikirana masentimita 70, m'mizere yotalikirana masentimita 90. Amathiramo manyowa, ndipo mapesi sawatentha koma amawasiya kuti aphimbe nthaka. Mvula yoyamba ikagwa madzi amakhazikika m'kadzenje m'malo mothamangira kudambo, ndipo mbewu imapirira ng'amba ya masiku angapo. Nchitoyi ndi yowawa msana caka coyamba, cifukwa nthaka ya cilimwe ndi youma gwa, koma timaenje timeneti timakhala pamalo pomwepo caka ndi caka, ndipo khasu limapepukira-pepukira.

Alangizi a zaulimi akukumbutsanso za mbewu zimene makolo ankadalira cimanga cisanafale: mapira, mcewere, khobwe ndi cinangwa. Ana ambiri a m'tauni sanalawepo nsima ya mapira ndipo amaiyesa cakudya ca njala, pamene agogo awo anakula nayo amphamvu. Ndime imodzi ya mapira pambali pa cimanga ingasiyanitse banja logona ndi njala ndi banja lofika nako kumasika. Mtengo wa nsangu nawo ngwofunika kuusiya m'munda: umayoyola masamba m'dzinja, motero suphimba mbewu, ndipo masambawo amasanduka manyowa.

Za njovu, a Dipatimenti yoona za nyama zakuthengo ndiwo ali ndi udindo wozipirikitsa, koma eni madimba m'cigwa ca Zambezi ali ndi njira yaoyao. Amasakaniza tsabola wowawa ndi ndowe, naumba zidina zimene amaziocha madzulo, kapena kupaka tsabolayo pa nsanza zomangirira kumpanda. Njovu imadana ndi fungolo. Njirayi sigwira nthawi zonse, koma tsabola wotsala amagulitsidwa pamsika.

Mvula inabwerera bwino m'dzinja lotsatira. Dziko linakolola matani oposa mamiliyoni 3.6 a cimanga mu 2025, pamene mu 2024 linakolola mamiliyoni 1.5 okha. Nkhokwe zitadzaza, n'capafupi kuiwala zigubu za m'bandakuca ndi kubzalanso cimanga cokha-cokha munda wonse. Koma caka ciliconse pofika October madzi a mbali ya Zambia ya mathithi amacepa mpaka thanthwe lakuda kuonekera, ndipo nkhungu ija siionekanso bwino kucokera ku Linda. Mwezi womwewo ndiwo womalizira kukumba timaenje ndi kufunafuna mbewu ya mapira, mvula yobzalira isanagwe mu November.