Ofufuza za ulimi akadzudzulidwa amayankha bwanji?

Kafukufuku wa zaulimi ali ndi njira yake yokhazikika yopezera mayankho, ndipo zambiri zimene mlangizi amauza mlimi zinadutsa m'njira imeneyo. Mlimi wa ku Biriwiri, pa msewu wa M1 m'boma la Ntcheu, akamaunga mizere motalikirana masentimita 75, kubzala njere imodzi pa phando, n'kuthira feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, amatsatira zinthu zimene zinayamba zayesedwa pa ndime zing'onozing'ono ku malo a kafukufuku monga Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo ndi Makoka ku Zomba. Njira yoyeserayi yakhala ikudzudzulidwa kwa zaka zambiri ndi alimi, akatswiri a zachuma, a mbiri yakale, ngakhalenso ofufuza za ulimi eni ake. Mizere, mbewu ndi feteleza za m'munda wa lero zinafika pamene zilipa chifukwa cha mikangano imeneyo.

Njirayo imayenda chonchi. Munda umagawidwa m'ndime zofanana kukula. Chinthu chimene chikuyesedwa, kaya ndi mtundu wa chimanga kapena mlingo wa feteleza, chimaikidwa pa ndime zitatu kapena zinayi zosiyana, ndipo ndimezo zimasankhidwa mwamaere kuti wofufuza asakondere. Pamakhalanso ndime zoyerekezera, pamene pabzalidwa mbewu yakale kapena pamene sipanathiridwe kanthu. Chifukwa chake mlimi aliyense amachidziwa: nthaka sifanana ngakhale m'munda umodzi, ndipo pachulu kapena pamene panali khola la ng'ombe chimanga chimakula mwamphamvu popanda nzeru ya munthu. Kubwereza ndi maere zimathandiza kusiyanitsa mphamvu ya mbewu ndi mwayi wa malo. Anakonza ndondomekoyi ndi Ronald Fisher ku Rothamsted, m'dziko la England, m'zaka za m'ma 1920. Kuno kwathu zotsatira za nyengo zingapo ndi malo angapo zimapita ku komiti ya boma yotchedwa Agricultural Technology Clearing Committee, yomwe imavomereza kapena kukana kuti luso latsopano lipite kwa alimi.

Chidzudzulo chofala n'chakuti munda wa kafukufuku si munda wa mlimi. Ku Chitedze amabzala ndi mvula yoyamba, feteleza amakhalapo pa tsiku lake, ndipo aganyu amapalira udzu usanakule. Kumudzi banja limasiya munda wake n'kukalima wa wina kuti lipeze ufa wa tsikulo, ndipo kupalira kumachedwa. Chidzudzulo chachiwiri n'chakuti ofufuza amayeza chinthu chimodzi chokha, kulemera kwa zokolola, pamene banja limayang'ana zambiri. Maganizo otere anafala padziko lonse m'zaka za m'ma 1980, makamaka kudzera m'zolemba za Robert Chambers wa ku Britain, amene ankati mlimi azikhala patsogolo pa kafukufuku. Mayankho a ofufuza sanali amodzi, ndipo zitsanzo zinayi za kuno ku Malawi zikuonetsa kusiyana kwake.

Choyamba ndi mbewu. Mitundu ya haibulidi imene inkalimbikitsidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga MH12 ndi MH16, inali ya njere zofewa, zokhala ndi kadzenje pamwamba. Pa sikelo inkaposa chimanga chamakolo kutali, koma alimi ambiri sankaifuna, ndipo oilimawo ankaigulitsa ku ADMARC n'kumadya chamakolo. Poyamba mlandu unagwera alimi, kuti ndi osamva malangizo. Akatswiri a zachuma, mmodzi mwa iwo Melinda Smale wa ku bungwe la CIMMYT, anafunsa m'makomo ndipo anamva zimene amayi ankadziwa kale. Njere yofewa imaphwanyika mumtondo pokonola, moti gawo lalikulu limapita ndi gaga ndipo mphale imatsala yochepa. M'nkhokwe namo anankafumbwe amayamba ndi iyo. Mayi amawerengera ufa woyera umene walowa m'dengu, osati matumba amene achoka kumunda. Opanga mbewu anavomera kuti ankayeza chinthu cholakwika. Gulu la ku Chitedze, momwe munali Dr. B.T. Zambezi, mogwirizana ndi CIMMYT, linatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mitundu ya njere zolimbirapo, zokonoleka bwino. Apa yankho linali kusintha chinthu chenichenicho. Komabe ngongole za m'makalabu a alimi zitasokonekera cha m'ma 1994, ambiri analephera kugula mbewu ndi feteleza, zimene zinaonetsa kuti kulimba kwa njere sikunali vuto lokhalo.

Chachiwiri ndi feteleza. Kwa zaka zambiri boma linali ndi mlingo umodzi wa feteleza wa chimanga cha haibulidi m'dziko lonse. Boma la Ntcheu palokha likuonetsa kuperewera kwa malangizo otere. Biriwiri, Lizulu ndi Tsangano zili kumtunda kozizira, kumene kachewere, kabichi ndi nyemba zimachita bwino, pamene chigwa cha Bwanje n'chotsika, chotentha, ndipo nthaka ndi mvula yake n'zosiyana. Akatswiri a nthaka sanatsutse mfundoyi, koma sanasiyenso njira yawo yoyesera. Anaikulitsa. Gulu limene boma linakhazikitsa loona zokweza zokolola za chimanga, lotchedwa Maize Productivity Task Force, linayesa milingo yosiyanasiyana m'minda ya alimi yoposa 1,000 m'nyengo ya 1995/96, mothandizidwa ndi alangizi a m'madera onse. Zotsatira zinaonetsa kuti, potengera mitengo ya nthawiyo, mlingo wakalewo sunkabweza ndalama m'madera ambiri. Panatuluka malangizo a dera ndi dera, osiyanitsanso wolimira chakudya ndi wolimira malonda. Ntchito ya gulu lomweli ndiyo inabala pulogalamu ya Starter Pack mu 1998. Pambuyo pake kuyeza nthaka kunaonetsa kuti m'madera ambiri mukuperewera michere ina, ndipo feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S analowedwa m'malo ndi 23:10:5+6S+1Zn, amene ali ndi potaziyamu ndi zinki.

Mkangano wa feteleza unabukanso pulogalamu ya makuponi itayamba mu 2005. Akatswiri a zachuma, kuphatikizapo Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward amene analemba buku la pulogalamuyi mu 2013, ankafuna kudziwa chimanga chimene thumba limodzi limawonjezera. Kafukufuku wa m'makomo ankapeza chochepa kuposa cha m'ndime zoyeserera. Akatswiri a nthaka anavomera kusiyanako, koma anakana kuti zikutanthauza kuti feteleza ndi wosathandiza. Analoza kufika mochedwa kwa feteleza, kuchedwa kupalira, kaufiti, ndi nthaka yoguga yopanda manyowa. Awa ndi mayankho a mtundu wina: kuvomera manambala a mnzako koma kutsutsa tanthauzo limene wawapatsa.

Chachitatu ndi kayesedwe kenikeniko. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Sieglinde Snapp, katswiri wa nthaka amene ankagwira ntchito kuno, anakonza njira yotchedwa munda wa mayi ndi ana. Munda wa mayi umakhala pakati pa mudzi, uli ndi zonse zimene zikuyesedwa, zobwerezedwa mwa dongosolo lakale lija. Minda ya ana imakhala ya alimi ambiri ozungulira, aliyense atasankha zinthu ziwiri kapena zitatu zoti ayese m'munda mwake, ndi khasu lake, pa nthawi yake. Mayi amapereka manambala odalirika, ana amaonetsa zimene zimachitika chinthucho chikafika m'manja mwa mwini munda. Njirayi inafalikira m'mayiko ena a kum'mwera kwa Africa, ndipo kuyambira mu 2012 pulojekiti ya Africa RISING, momwe munali Michigan State University ndi LUANAR, inaigwiritsa ntchito ku Kandeu ndi ku Nsipe m'boma lomwe lino la Ntcheu. Zina mwa zoyesedwa kumeneko zinali kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza m'munda umodzi, n'kudzabzalamo chimanga chaka chotsatira. Nayonso njirayi ili ndi oidzudzula. Akatswiri a masamu amati minda ya ana imasiyana kwambiri moti kuwerengera kwake n'kovuta, ndipo a zachikhalidwe amafunsa kuti alowa m'kafukufukuyo ndani, poti kawirikawiri amakhala alimi otsogolera ndi odziwana ndi mlangizi, osati mayi wamasiye wa ndime imodzi. Ku Ekwendeni, kumene ogwira ntchito pachipatala ndi alimi anayamba kuyesa mbewu za mtundu wa nyemba mu 2000, anapeza kuti kukolola mtedza ndi soya pakokha sikutanthauza kuti mwana adya. Panafunika kukambirana ndi abambo ndi agogo aakazi, amene mawu awo amalemera pa zogulitsa ndi zodyetsa ana.

Chachinayi, chimene sichinathe mpaka lero, ndi mzere. Akatswiri a mbiri yakale, monga Wapulumuka Mulwafu m'buku lake la mu 2011, anaonetsa kuti mizere yopingasa sinali njira ya makolo m'madera ambiri, kumene anthu ankalima pa matutu. Boma la atsamunda, poopa kukokoloka kwa nthaka, linaikakamiza ndi malamulo a malimidwe m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ndipo okana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Mu 1953 Inkosi ya Makosi Philip Gomani II, amene likulu lake linali ku Lizulu, pa msewu womwewu wodutsa pa Biriwiri, anauza anthu ake kuti asamvere malamulowo potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linamuchotsa pampando, anathawira tsidya la malire ku dziko la Apwitikizi, anabwezedwa, ndipo anamwalira mu 1954. Patapita mibadwo iwiri mzere unasanduka chizindikiro cha mlimi wakhama, ndipo ofufuza ena anabwera ndi ulimi wa mtayakhasu, wouza adzukulu a anthu aja kuti asiye kugalauza, aphimbire nthaka ndi mapesi, n'kumasinthasintha mbewu.

Mu 2009 Ken Giller wa ku yunivesite ya Wageningen, ku Netherlands, ndi anzake anafalitsa nkhani yodzudzula mmene ulimiwu unkalalikidwira mu Africa. Iwo anati mapesi omwewo ndi chakudya cha ziweto, udzu umachuluka ngati palibe mankhwala, phindu limachedwa kuoneka, ndipo umboni wochokera m'minda ya alimi ang'onoang'ono unali wochepa. Aliyense wodziwa midzi ya Angoni a ku Ntcheu, kumene ng'ombe ndi mbuzi zimatayiriridwa anthu akangokolola, ndipo osaka mbewa amatentha minda, akuzindikira mfundo ya mapesiyo. Olimbikitsa ulimiwu, monga Christian Thierfelder wa ku CIMMYT mogwirizana ndi bungwe la Total LandCare, anayankha ndi minda yoyeserera ya zaka zambiri m'maboma monga Nkhotakota ndi Balaka. Inaonetsa kuti phindu lilipo, makamaka pakadutsa nyengo zingapo ndiponso chaka cha ng'amba, ndi kuti ntchito younga mizere imachepa. Koma anasiya kunena kuti ulimiwu ndi mankhwala a munda uliwonse. Funso linasintha kuchoka pa lakuti kodi umagwira ntchito, n'kufika pa lakuti umagwira kuti, kwa yani, ndipo pamafunika chiyani. Kafukufuku wina waonetsa kuti alimi ambiri amausiya pulojekiti yowapatsa zipangizo ikatha, ndipo nkhani imeneyi ikadafufuzidwabe.

Zitsanzozi zikuonetsa mayankho akuluakulu anayi amene ofufuza amapereka akadzudzulidwa. Amatha kusintha chinthu chimene anapanga, monga pa MH18. Amatha kukulitsa kafukufuku yemweyo kuti afike m'madera ambiri, monga pa feteleza. Amatha kusintha kayesedwe, monga pa munda wa mayi ndi ana. Amathanso kuima pa mfundo yawo koma n'kuchepetsa malonjezo, monga pa mtayakhasu. Pa zonsezi palibe pamene kubwereza ndime, maere ndi sikelo zinatayidwa, chifukwa popanda izo palibe chosiyanitsa luso lenileni ndi mwayi wa pachulu. Zimene zinasintha ndi zinthu zoyezedwa, malo oyezera, ndi anthu ofunsidwa. Chinanso choonekeratu n'chakuti cholakwika sichinkaonedwa kawirikawiri ndi mwini ntchito. Wopanga mbewu anatsinidwa khutu ndi wa zachuma, wa nthaka ndi wa mbiri yakale, wa zaulimi ndi wa zachipatala, ndipo onsewo anayamba amva kwa mlimi.

Choncho malangizo akasintha, monga pamene njere zitatu pa mapando otalikirana masentimita 90 zinalowedwa m'malo ndi njere imodzi pa masentimita 25 ya njira ya Sasakawa, sizitanthauza kuti akatswiri ankanama kale. Malangizo aliwonse anayesedwa pa malo ena, pa nyengo zina ndi pa mitengo ina, ndipo mlimi ali ndi ufulu wofunsa mlangizi kuti anayesedwa kuti, kwa zaka zingati, ndi m'minda ya anthu otani. Njira yotsimikizira yankho ili m'manja mwa mlimi yemweyo: kupatula mizere ingapo ya njira yatsopano pambali pa yakale, kuisamalira mofanana, kuikolola padera, n'kubwereza nyengo yotsatira asanasinthe munda wonse.