MTSINJE WA EEL NDI MALO OSAMBIRA PANSI PA MITENGO ITALI-ITALI

 Lero tipita ulendo wautali, kutsidya la nyanja yamcere, ku dziko la America, kuti tikaone mtsinje wina kumene makolo amatenga ana ao kukasambira pa nyengo ya chuthi. Mtsinje umenewu mwezi wa July uli wofatsa, kotero kuti mwana wa zaka zitatu aseweramo madzi akumlekeza m'maondo. Koma womwewo mwezi wa December unakokololapo midzi yathunthu.

Dziko la United States ligawika m'zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi boma lace pansi pa Boma lalikuru la ku Washington. Maboma a zigawowa apatula malo ena okongola nawacha mapaki. M'mapaki ambiri otere munthu saloledwa kudula mtengo, kulima munda kapena kusaka nyama; cimene aloledwa ndico kuyendamo, kugona m'hema, kuphika cakudya cace pa malo okonzedweratu, ndi kusambira. Cigawo ca California, cimene ciri kumadzulo m'mbali mwa nyanja ya Pacific, ciri nao mapaki otere oposa 270. Imene tinena ife dzina lace ndi Humboldt Redwoods, ndipo iri mamailosi ngati 230 kumpoto kwa mzinda wa San Francisco. Kukula kwace ndi maekala 53,000, ndipo mwa amenewa, maekala 17,000 ndiyo nkhalango imene nkhwangwa siinalowemo cikhalire.

Mitengo yace aicha redwood kaamba ka matabwa ace ofiira, ndipo palibe mtengo wina pa dziko lapansi umene uiposa kutalika. Umodzi wochuka, wochedwa Dyerville Giant, unagwa m'mwezi wa March 1991, ndipo atauyesa anapeza kuti unapitirira mapazi 360. Inu amene munafikako ku Livingstone mudziwa kuti madzi a Mosi-oa-Tunya agwa mapazi 355 pamene pali patali koposa. Tsono mtengo umenewo ukadaima pansi m'phompho muja, nsonga yace ikadasuzumira pamwamba. Ina mwa mitengoyi ikhala ndi moyo zaka 2,000. Mseu wakale wa mamailosi oposa 30, wochedwa Avenue of the Giants, upita pakati pa mitengoyi motsata mtsinje, ndipo malo onse osambira amene nditi ndichule ali m'mphepete mwa mseu umenewu kapena pafupi nao.

Dzina la mtsinje liri ndi mbiri yace. Eel m'Cingerezi ndiye mkunga. Azungu ena otsogozedwa ndi Josiah Gregg, paulendo wao wa mu 1849 ndi 1850, anafika pa mtsinjewu ali ndi njala yoopsa, ndipo anasinthanitsa ciwaya cao ndi nsomba zimene eni dziko anagwira. Poona kuti nsombazo nzazitali ndi zoterera anayesa mikunga, nacha mtsinjewo dzina limenelo. Koma sizinali mikunga iai. Zinali nsomba za mtundu wina zochedwa lamprey, zopanda nsagwada, zimene ziri ndi kamwa lozungulira loyamwira nalo. Dzina linakhala, ndipo likhalabe lero. Eni dziko a dera la paki anali anthu a mtundu wa Sinkyone, amene anakhala m'mbali mwa mtsinjewu mibadwo yosawerengeka akudya nsomba zace. M'zaka zocepa Azungu atafika, ambiri a iwo anaphedwa, ena napitikitsidwa pa dziko lao. Munthu wonena za kukoma kwa malowa ayenera kuchulanso ici.

Mwina wina afunsa kuti, popeza nyanja yaikuru iri pafupi, anthu alekeranji kukasambira kumeneko? Yankho ndi lakuti madzi a nyanja ya Pacific m'dera limenelo ngozizira caka conse, ngakhale pa nyengo yotentha, ndipo mafunde ace ngaciwembu: nyanja ioneka yabata, kenaka funde limodzi lalikuru lifika modzidzimutsa ndi kukokera munthu m'kati. Pagombe pakhalanso nkhungu masiku ambiri. Koma mukalowa kumtunda kuseri kwa mapiri mupeza dzuwa liri ng'a, ndipo nthambi ya mtsinje imene ipita m'paki, yochedwa South Fork, madzi ace afunda bwino. Nyengo zao zifanana ndi zathu pa cinthu cimodzi, kuti kuyambira June kufikira September mvula siigwa. Kusiyana ndi kwakuti miyezi imene ife tiotha moto iwo ali kucita thukuta. Mvula yao ibwera pa nyengo yozizira, kuyambira October kufikira April kapena May, ndipo igwa mainchi 60 kapena kuposa pa caka, ndiko kunena kawiri mvula ya ku Lusaka.

Mvula ikaleka mtsinje uphwa pang'ono-pang'ono, nusiya magombe otakata a nsangalabwi ndi mcenga. Madzi otsalawo ayenda mwaulesi kucokera pa dziwe lina kunka pa lina, ndipo pakati pa maiwewo pali posaya. Ici ndico cikometsa mtsinjewu kwa banja lonse: wakhanda akhala pa mcenga ndi amai ace, wamng'ono apalasa madzi posaya akuthamangitsa ambululu, ndipo mnyamata wodziwa kusambira apita pa dziwe. Onse ali pamalo amodzi, pamene diso la kholo lifika.

Malo amene ambiri ayamba nao ndi Williams Grove, pafupi ndi mudzi wa Myers Flat. Pamenepo galimoto ifika pafupi ndi madzi, pali matebulo odyerapo pansi pa mthunzi, ndi zimbudzi, ndipo mlendo alipira ndalama pang'ono polowa. Kwa banja limene liri ndi agogo kapena mwana wobereka kumsana, ine ndiyesa kuti palibe poposa apa, pakuti mtunda woyenda pansi ndi katundu ngwaufupi.

Kumpoto kwace, kupitirira mudzi wa Weott, kuli malo ena amene mbiri yace ifunika kuti amai aimve. Nkhalango ya pamenepo inagulidwa mu 1931 ndi ndalama zimene akazi a m'mabungwe a amai a ku California anasonkha pang'ono-pang'ono, kuti mitengoyo isagwe m'manja mwa oceka matabwa. Pakati pace anamanga cikumbutso ca miyala cokhala ndi mafuwa anai, ali onse kuyang'ana mbali yace, pansi pa denga limodzi. Amene analemba mapulani ace anali mkazinso, Julia Morgan, mmisiri wochuka wa zomanga-manga. Kutsika pang'ono kucokera pa mafuwawo mufika pa dziwe limene liri limodzi la okondedwa koposa m'paki yonse. Ndipo amai amenewa sanali oyamba. Mu 1924, pamene kampani ina ya matabwa inayamba kugwetsa mitengo pafupi ndi Dyerville, mai wina dzina lace Laura Mahan anapita kukaima pakati pa mitengo ndi anthu odula, pamene mwamuna wace, amene anali loya, anathamangira ku khoti kukatenga cikalata coletsa nchitoyo. Mitengo imeneyo iripobe. Bungwe la Save the Redwoods League, limene linayamba mu 1918, ndilo linagula nkhalango yoyamba ya paki mu 1921; pambuyo pace munthu wolemera John D. Rockefeller wamng'ono anapereka ndalama zambiri, ndipo maekala 10,000 a m'mbali mwa kamtsinje ka Bull Creek achedwa dzina lace.

Ofuna kugona ali ndi misasa itatu yaikuru, Burlington, Hidden Springs ndi Albee Creek, ndipo yonse pamodzi iri ndi malo oposa 250 oimikapo mahema. Kucokera pa iwiri yoyambayo munthu afika pa mtsinje ndi miyendo. Wa Albee Creek uli kumtunda pafupi ndi Bull Creek, kamtsinje kosaya ndi kozizira koyenda mumthunzi, kabwino kubviikamo mapazi koma osati kusambira. Pa Dyerville, pamene South Fork ithira mu Eel weni-weni, gombe ndi lotakata kwambiri, koma mthunzi ngwocepa ndipo miyala itentha masana.

Pa misasa yonseyi alonda a paki aumirira kuti cakudya citsekeredwe ndipo nyenyeswa zisatsale pansi. Cifukwa cimodzi ndi zimbalangondo, zimene zikazolowera cakudya ca anthu zisanduka zobvuta. Cifukwa cina ncodabwitsa. Kuli kambalame ka m'nyanja kochedwa marbled murrelet, kamene kadya nsomba m'nyanja koma kauluka mamailosi ambiri kulowa kumtunda kudzaikira dzira limodzi lokha pa nthambi ya mtengo wakale. Nyenyeswa za alendo ziitana akhwangwala ndi mbalame zina zolusa, ndipo zimenezi zikacuruka zipeza dzira lija ndi kulidya. Tsono mwana wotaya cidutswa ca buledi pansi angathe kupha mbalame imene sadzaiona konse.

Tsopano tinene za ngozi. Mu mtsinje wa Eel mulibe ng'ona, mulibe mvuu, ndipo likodzo kulibe. Kwa ife amene tinakula tikucenjezedwa za Luangwa ndi Kafue ici cimveka ngati nthano. Koma ngozi zace ziripo, ndipo ziposa kubisika. Pa magombe amenewa palibe mlonda woyang'anira osambira. Mwana akamira, womuona ndi kholo lace lokha. Pansi pa mtsinje sipakhala cimodzi-modzi caka ndi caka, pakuti madzi a dzinja asuntha miyala: pamene panali posaya caka catha pangakhale phompho caka cino, ndipo mwana woyenda m'madzi olekeza m'cuuno aponda kamodzi napeza pansi palibe. M'miyezi ya April ndi May dzuwa litentha ndithu, koma madzi akali ozizira ndi aliwiro, ndipo kuzizira kotere kulanda munthu mpweya ndi mphamvu ya m'manja, ngakhale iye adziwa kusambira. Cifukwa cace makolo ocenjera abveka ana ao malaya oyandamitsa, nadikira kufikira kumapeto kwa June.

Ngozi ina ifika mocedwa, mu August ndi September, pamene madzi acepa kwambiri ndi kufunda. Pamenepo pa miyala pamera ndere za mtundu wina, zobiriwira modera kapena zofiirira, zimene zina ziri ndi ululu wogwira mitsempha. Zithothoka ndi kuyandama, kapena kuunjikana m'mbali mwa madzi. Agalu angapo afa m'mitsinje ya dera limenelo atamwa madziwo kapena kunyambita ubweya wao, ndipo imfa yace ifika msanga. Wamkuru kawiri-kawiri sabvutika, popeza sameza madzi. Woopsedwa ndi mwana wamng'ono amene aika ciri conse m'kamwa. Kuwiritsa madzi sikucotsa ululuwo. A zaumoyo amakhoma zikalata zocenjeza, ndipo lamulo lace ndi lapafupi: pamene muona ndere zoyandama musalowe, ndipo mukaturuka mu mtsinje musambe ndi madzi abwino. Pa tinjira totsikira ku mtsinje palinso citsamba cochedwa poison oak, ca masamba atatu-atatu, cimene ciyabwa ngati citedze. Koma citedze cileka tsiku lomwelo, pamene ici citurutsa matuza okhala sabata ziwiri.

Nanga miyala ndi mcenga wonsewu ucokera kuti? Mapiri a dera limenelo ngotsetsereka, miyala yace njofumbutuka, zibvomezi zicitika kawiri-kawiri, ndipo mvula njambiri. Cotero mtsinje wa Eel unyamula dothi loposa pafupi-fupi mitsinje yonse ya ku America ya msinkhu wace. Kuyambira kale madzi osefukira akhala akusiya matope a conde m'zigwa, ndipo m'matope amenewo ndimo mitengo ya redwood ikula koposa. Tsinde likakwiririka, mtengo uturutsa mizu yatsopano pamwamba. Koma mizu yace siizama, ingotambalala m'mbali, ndipo madzi akakumba pansi pa gombe mtengo wa zaka cikwi ugwa tsiku limodzi.

Ici cinaoneka m'December 1955. Nkhalango ya Rockefeller inali yosungika, koma mapiri a kumtunda kwa Bull Creek sanali m'paki, ndipo nkhondo yaciwiri itatha oceka matabwa anawameta mpala. Mvula yaikuru itagwa, panalibe cogwira dothi. Miyala ndi zipika zinatsika ndi madzi, kamtsinje kaja kanakula nkudya magombe ace, ndipo mitengo yakale mazana angapo inagwa m'kati mweni-mweni mwa malo osungidwa. Mudzi wa Dyerville unakokoloka, ndipo sunamangidwenso. Pamenepo osunga nkhalango anazindikira kuti kugula cigwa cokha nkosakwanira, nayamba kugula mapiri onse amene madzi ace atsikira mu Bull Creek, ngakhale anali ziputu zokha-zokha. Ndico cifukwa cace paki iri yaikuru cotere lero, ndiponso cifukwa cace gawo lalikuru la maekala ace ndi nkhalango yophukanso.

Nchitoyo isanathe, cigumula cina coposa coyamba cinafika pa Khrisimasi wa 1964. Midzi ya Pepperwood, Weott ndi Myers Flat inaonongeka, milatho inathyoka, ndipo anthu anafa. Ku Weott, m'mbali mwa mseu, kuli mlongoti wautali wokhala ndi cizindikiro pamwamba, cosonyeza pamene madzi analekeza: mapazi oposa 30 pamwamba pa mseu. Ana ocokera kosambira, zobvala zikali zonyowa, aima pansi pace ndi kukweza maso.

Nchifukwa cace timilatho ta matabwa timene alendo aolokerapo kunka kutsidya sitikhala caka conse. Anchito a m'paki atiika madzi akaphwa kumayambiriro kwa nyengo yotentha, ndipo mvula isanayambe atizula ndi kutisunga pamtunda kufikira caka camawa.